Katundu wolemera ndi zitunda za Dedza: kusankha ngolo ndi kuigwiritsa ntchito mosamala

Mawu amene anayankhulidwa pamsonkhano wa anthu a m'wodi wokambirana za chitukuko ndi chitetezo cha pakhomo



Nkhani ya lero ikuoneka yaing'ono poiyerekeza ndi nkhani za misewu, milatho ndi mijigo zimene zimadzaza misonkhano ngati uno. Ndi nkhani ya wilibala ndi ngolo ya manja, ndiponso ya momwe katundu wolemera wa pakhomo amachokera pamalo ena kupita pena. Komatu palibe khomo m'wodi muno limene silikumana nayo. Mphunzitsi akasamutsidwa kupita kusukulu ina, bedi ndi kabati zimayenera kumutsatira. Mnyamata akamapita kuchikamwini, kapena mkazi akamapita kuchitengwa, katundu amayenda nawo. Mwezi ukatha, ochita lendi ena pa boma, pa Linthipe ndi pa Chimbiya amasintha nyumba. Nyengo yokolola ikafika, matumba a chimanga ndi a mbatatesi amachoka kumunda kupita kunyumba, kenako kumsika. Paulendo uliwonse wotere pamakhala zinthu ziwiri zimene banja lingataye m'kanthawi kochepa: katundu amene linamupeza movutikira kwa zaka zambiri, ndi msana wa munthu amene limadalira pa ulimi.

Mfundo yaikulu ya nkhaniyi ndi imodzi. Kuno ku Dedza, muyeso wa katundu woyenera kuikidwa pangolo ndi umene munthu angathe kuimitsa pamalo otsetsereka. Katundu amene amayenda mosavuta pabwalo la pakhomo akhoza kugonjetsa mwini wake pa chitunda choyamba.

Dziko lokwera ndi lotsika

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Boma lomweli limatsika mpaka ku Mtakataka ndi ku Golomoti, kufupi ndi nyanja ya Malawi imene ili pa mamita osakwana 500. Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere, wochoka pa Masasa kupita ku Golomoti, amadziwa fungo la mabuleki otentha, ndipo anaona momwe madalaivala odziwa ntchito amatsikira pang'onopang'ono. Midzi ya ku Bembeke ndi ya m'mbali mwa mapiri a Chongoni ili ndi tinjira tambiri tofanana ndi msewu umenewu, kungoti n'tatifupi. Kusiyana kwake n'kwakuti galimoto ili ndi mabuleki, pamene wilibala ilibe. Mabuleki a wilibala ndi mikono, mawondo ndi msana wa amene akuikankha.

Mphamvu imene imakokera ngolo kumunsi ikhoza kuwerengedwa. Njira ikamatsika mita imodzi pa mamita 10 alionse, gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa ngolo ndi katundu wake limakokera kumunsi nthawi yonse. Ngati zonse pamodzi zikulemera makilogalamu 200, wokankhayo akulimbana ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 20, ngati kuti chigubu chodzaza madzi chikumukoka osapumira. Njira ikamatsika mita imodzi pa mamita 5 alionse, mphamvuyo imafika pafupifupi makilogalamu 40. Izi zili choncho ngolo ikamayenda pang'onopang'ono. Ikayamba liwiro zimaipiraipira, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri, ntchito yoiimitsa imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake ngolo imene yapulumuka m'manja siigwirikanso, ndipo amene amayesa kuiimitsa ataima kutsogolo kwake ndi amene amavulala kwambiri.

Kudziwa kulemera kwa katundu

Anthu ambiri amayesa katundu ndi maso, koma pali miyeso imene aliyense akuidziwa kale. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, chimodzimodzi thumba lalikulu la feteleza ndi thumba la chimanga la muyeso wa pamsika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo mgolo wa malita 200 ukadzaza ndi makilogalamu 200 osawerengera chitsulo chake. Munthu akafuna kudziwa kulemera kwa kabati kapena sofa, anyamule mbali imodzi pang'ono n'kuyerekeza ndi thumba la simenti. Akumbukire kuti chimene wamva m'manjacho ndi theka lokha, popeza theka lina latsamira pansi.

Akatswiri a zantchito analiganizira kale funso la katundu amene thupi lingapirire. M'chaka cha 1967, bungwe la International Labour Organization linalangiza maiko kuti katundu wonyamulidwa ndi mwamuna wamkulu mmodzi asapitirire makilogalamu 55, ndiponso kuti wa amayi ndi achinyamata akhale wocheperapo kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la NIOSH la ku America, limene limafufuza za chitetezo cha pantchito, linaika makilogalamu 23 ngati malire a katundu amene anthu ambiri angamanyamule osadzivulaza, ndipo malirewo amatsika munthu akamanyamula atawerama kapena atapotoza thupi. Izi zikusonyeza kuti thumba la makilogalamu 50, limene achinyamata amapikisana kulinyamula okha, ndi katundu wa anthu awiri. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la chaka cha 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu m'malo a ntchito, koma pakhomo sipafika woyendera aliyense. Mwini khomo ndiye woyendera.

Ngolo iliyonse ndi ntchito yake

Wilibala ndiyo imene imapezeka m'makomo ambiri. Ubwino wake n'ngwakuti ili ndi tayala limodzi, choncho imadutsa m'kanjira kakang'ono ka pakati pa minda. Imathandiza pa matumba, njerwa, manyowa ndi zigubu. Koma mbali ina ya katundu imatsalira m'manja mwa wokankha, ndipo kuchuluka kwake kumadalira pamene katunduyo waikidwa. Ngati kuchokera patayala kufika pogwirira pali masentimita 150, ndipo pakati pa katundu pali pa masentimita 50 kuchokera patayala, mikono imasenza gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa matumba awiri a makilogalamu 50, amenewo ndi makilogalamu 33. Matumba omwewo akasunthira kumbuyo n'kufika pa masentimita 75, mikono imasenza makilogalamu 50. Choncho cholemera chiikidwe kufupi ndi tayala. Vuto lina la wilibala n'lakuti imagwera m'mbali mosavuta, ndipo katundu akatalika m'mwamba m'pamene imagwa msanga. Kabati, firiji ndi mgolo wodzaza si katundu wa wilibala.

Katundu wamtali ali ndi chida chake, chimene m'masitolo a zitsulo amachitcha trolley. Ndi kangolo koimirira ka matayala awiri, kokhala ndi chitsulo chophwatalala m'munsi chimene chimalowa pansi pa katundu. Katunduyo amamangidwa kumsana kwa kangoloko, kenako kamapendekedwa mpaka kulemera konse kukhale pamwamba pa matayala. Pamenepo munthu mmodzi akhoza kuyendetsa firiji imene ikanafuna amuna atatu. Kokhala ndi matayala aang'ono olimba kamayenera pa simenti pokha. Kwa okhala kumene njira ndi ya dothi ndi miyala, koyenera ndi ka matayala aakulu opopa, chifukwa tayala lalikulu limakwera mwala umene laling'ono limaimapo.

Palinso thabwa la matayala anayi aang'ono ozungulira mbali zonse. Limathandiza posuntha kabati kapena makina osokera kuchoka m'chipinda china kupita m'china, m'nyumba ya simenti. Kunja silithandiza. Pa dothi timatayala take timazama, ndipo pamalo otsetsereka limathawa chifukwa lilibe pogwirira.

Chida chimene chimayenera makomo ambiri a kumudzi ndi ngolo ya manja ya matayala awiri aakulu, imodzi mbali ino, ina mbali inayo, yonga imene amisiri owotcherera amapanga m'malo amalonda. Katundu amakhala pamwamba pa chitsulo cholumikiza matayala, choncho mikono imangowongolera. Nzeru imeneyi njakale. Ku China, wilibala inalipo kale zaka zoposa 1,800 zapitazo, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu a kumeneko anapanga ya tayala lalikulu lokhala pakati, katundu n'kumakhala mbali zonse ziwiri, kuti tayala lisenze kulemera konse. Kuno ku Malawi, cha m'ma 2000, Arnold Wendroff wa ku America anagwira ntchito ndi amisiri a ku Livingstonia kupanga ngolo ya manja ya matabwa ndi matayala a njinga, imene kalipentala wa kumudzi angathe kuipanga ndi kuikonza. Matayala a njinga ndi opepuka ndipo zipangizo zake zimapezeka pamsika uliwonse, koma sapirira mphamvu yochokera m'mbali. Ngolo yotere ikamadutsa chopingasa m'mbali mwa phiri ili ndi katundu wambiri, tayala lakumunsi likhoza kupindika. Kwa katundu wolemera wa m'njira zamiyala, matayala a njinga yamoto ndi amene amalimba.

Pali katundu wina amene sayenera ngolo ya manja ya mtundu uliwonse. Njira ikakhala yaitali, yotsetsereka kwambiri, kapena katundu akakhala wa nyumba yonse, nzeru ndi kulipira ngolo ya ng'ombe, ya abulu kapena galimoto. Ndalama ya ulendo umodzi wotere ndi yochepa poiyerekeza ndi mtengo wa firiji yatsopano, kapena ndi munda umene sunalimidwe chifukwa mwini wake wagona ndi msana.

Zoyang'ana pogula kapena pobwereka

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yowala siuza munthu chilichonse za kulimba kwa ngolo. Wogula ayambe ndi tayala: alizunguze n'kumvetsera ngati likulira, aligwedeze m'mbali kuti aone ngati likusewera pachitsulo chake. Tayala lopopa limayenda mofewa pamiyala ndipo silizama msanga m'matope, koma limafuna pampu ndipo limaboola ndi minga. Tayala la mphira yolimba siliphwa, koma limagwedeza katundu, zimene zimasweketsa magalasi ndi mbale zadothi. Kenako ayang'ane powotcherera paliponse, makamaka pamene zogwirira zalumikizana ndi thunthu la ngolo. Mng'alu waung'ono kapena dzimbiri lofuka pamalo amenewa ndi chizindikiro chakuti tsiku lina padzathyoka, ndipo padzathyokera pamene katundu ali wolemera. Zogwirira zifike cha m'chiuno mwa wokankha kuti asamayende chowerama. Ngolo za m'sitolo zina zimalembedwa kulemera kumene zingapirire, koma muyeso umenewo ndi wa pamalo osalala. Pa njira za kuno, munthu wanzeru amalekeza kutali ndi malirewo.

Amene akupangitsa ngolo kwa mmisiri apemphe zinthu zitatu zimene mtengo wake ndi wochepa: ngowe zomangirira zingwe m'mbali, mwendo woimikira ngolo ikamapakiridwa, ndi mphete yachitsulo kumbuyo yodutsitsamo chingwe chogwirira potsika. Ngati mmisiriyo angathe kuikanso buleki, ndalama imeneyo siinatayike.

Kupakira ndi kumanga

Ntchito imayamba ngolo isanafike pakhomo. Kabati ikhuthulidwe, madilowa achotsedwe, zitseko zake zimangidwe kuti zisatseguke panjira. Bedi limasulidwe. Magalasi ndi mbale zikulungidwe m'mabulangete ndipo ziyende paulendo wakewake. Khomo la nyumba liyesedwe ndi chingwe katundu asananyamulidwe, chifukwa zala zambiri zimaphwanyikira pafelemu ya chitseko pamene anthu akukakamiza chinthu chimene sichingadutse.

Ponyamula, munthu aime pafupi ndi katundu, mapazi atatalikirana pang'ono, apinde mawondo, msana ukhale wowongoka, kenako adzuke ndi mphamvu ya miyendo. Akafuna kutembenuka asunthe mapazi, asapotoze chiuno katundu ali m'manja. Akakhala awiri kapena atatu, mmodzi yekha ndiye aziwerenga ndi kulamula, ndipo wina akamva kuti chikumupulumuka anene msanga, asangosiya. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri yopanda mtsogoleri imaligwetsa.

Pangolo, cholemera chikhale pansi ndi pakati, chopepuka pamwamba. Katundu asatalike kuposa pamene wokankha angathe kuona njira. Pa ngolo ya matayala awiri, zogwirira zizilemera pang'ono m'manja. Zikamafuna kukwera zokha m'mwamba, ndiye kuti katundu wapita kutsogolo kwambiri, ndipo potsetsereka ngoloyo ikhoza kunyamula mwini wake. Pomanga, chingwe cholimba ndicho choyenera. Malegeni amathandiza pa katundu wa panjinga, koma amatamuka, choncho kabati yomangidwa nawo imasuntha ngolo ikagunda mwala. Akaduka kapena kupulumuka amabwerera ndi mphamvu yokwanira kuphulitsa diso.

Zinthu zina zili ndi malamulo akeake. Firiji iyende choimirira, chifukwa ikagonekedwa mafuta a m'makina ake amalowa m'mapaipi a mpweya woziziritsa. Ngati yapendekedwa kwambiri panjira, iimikidwe kwa maola angapo isanayatsidwe. Batire ya sola kapena ya galimoto isapendekedwe, popeza madzi ake ndi asidi amene amawotcha khungu ndi zovala. Silinda ya gasi itsekedwe bwino, iyende choimirira ndipo isagubuduzidwe. Mbaula izizire kaye ndipo phulusa litayidwe. Malata amangidwe mtolo umodzi ndipo agwiridwe ndi magolovesi kapena chiguduli chokhuthala. Tsiku la mphepo yamphamvu, monga imene imaomba kuno m'miyezi ya June ndi July, lata lokhala lokha limatengedwa ndi mphepo ndipo limadula ngati mpeni. Mgolo wa madzi ukakhala wosadzaza, madziwo amakankha uku ndi uku ngolo ikamayenda, choncho n'kwabwino kunyamula madzi m'zigubu zodzaza ndi zotsekedwa.

Potsika chitunda

Nayi nkhani imene ingachitike m'mudzi uliwonse wa kumapiri kuno. Banja likusamuka kuchoka kunyumba ya kumtunda kupita kumsewu waukulu, kumene galimoto ikudikira. Dalaivala wanena kuti sachedwa. Bambo abwereka ngolo, ndipo pofuna kuti ulendo ukhale umodzi, apakira matumba atatu a chimanga, kabati pamwamba pake, ndi mipando m'mbali. Pabwalo ngoloyo ikuyenda bwinobwino, mpaka bambo akuseka kuti ndi yopepuka. Mwana wa zaka 12 atumidwa kutsogolo kuti azitchinjiriza. Pofika potsetsereka, udzu udakali ndi mame, phazi la bambo literereka kamodzi kokha. Kuyambira pamenepo palibenso chimene angachite, ndipo amene ali m'njira ya makilogalamu oposa 200 ndi mwana.

M'nkhani imeneyi mulibe tsoka. Muli zolakwika zinayi zimene zikanapeweka: changu, katundu woyesedwa pabwalo, njira yosayenderedwa, ndi mwana woimikidwa kumunsi kwa ngolo.

Choyamba n'chakuti munthu ayende njira yonse wopanda katundu, aone pamene pali ngalande, miyala, mizu ndi pamene pakutsetsereka kwambiri, ndipo asankhiretu malo opumira. Dothi lakatondo likanyowa limaterera ngati sopo, choncho m'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, katundu wolemera adikire kuti njira iume. M'miyezi yozizira adikire kuti mame ndi chifunga zichoke. Kumapazi kukhale nsapato zotseka zala ndi zogwira pansi. Mapatapata ndi amene amagwetsa anthu ambiri.

Chachiwiri, katundu agawidwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Maulendo atatu a katundu wochepa amatha msanga kuposa ulendo umodzi umene wathera m'ngalande. Njira yoyesera ndi yosavuta: pamene kutsetsereka kukuyambira, wokankha aimitse ngolo n'kuyesa kuibweza m'mbuyo pang'ono. Ngati sangathe kuibweza, sangathenso kuiimitsa pakati pa chitunda, ndipo katundu wina atsitsidwe pomwepo.

Chachitatu, anthu onse akhale kumtunda kwa katundu. Potsika, ngolo izitsogola, munthu kumbuyo. Pokwera, trolley ndi ngolo ya matayala awiri zizikokedwa kuti katundu akhale kumunsi kwa munthu. Pamene patsetsereka kwambiri, chingwe chimangidwe kumbuyo kwa ngolo, ndipo othandiza awiri achigwire ali kumtunda. Ngati pali mtengo wolimba, chingwecho chizungulizidwe kamodzi pathunthu pake n'kumamasulidwa pang'onopang'ono, chifukwa kukhuzana kwa chingwe ndi mtengo kumagwira mphamvu yambiri. Chingwe chisakulungidwe padzanja kapena m'chiuno. Wothandiza wina ayende m'mbali, atanyamula chipika kapena mwala woika kutsogolo kwa tayala nthawi yopuma. Ngolo ikapulumuka ngakhale zonsezi zachitika, isiyidwe ipite ndipo anthu akuwe kuchenjeza a kumunsi. Kabati ikasweka, kalipentala amaikonza.

Chachinayi chikukhudza ana. Lamulo la zantchito la dziko lino la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito imene ingaononge thanzi lake. Mwana kuthandiza makolo pakhomo si mlandu, ndipo n'chimodzi mwa zimene zimamulera. Koma mafupa a mwana akadali kukula, ndipo alibe kulemera kokwanira kulimbana ndi ngolo. Mwana anyamule mapoto, mitsamiro ndi nkhuku. Asakwezedwe pamwamba pa katundu, ndipo asatumidwe kutsogolo. Chimodzimodzi mayi woyembekezera, munthu amene wachitidwa opaleshoni posachedwa, ndi okalamba: iwowa ayang'anire ndi kulangiza.

Pamsewu waukulu

Ena amayenera kudutsa kapena kutsata msewu wa M1, umene umanyamula magalimoto akuluakulu a pakati pa Lilongwe, Blantyre ndi chipata cha Dedza cholowera ku Mozambique. Ngolo yodzaza siingathawire kumbali msanga monga amachitira munthu wapansi. Choncho iyende kunja kwa phula pamene n'kotheka, idutse pamalo owongoka pamene magalimoto akuonekera patali mbali zonse ziwiri, ndipo wothandiza aime poonekera kuti achenjeze. Usiku ndi nthawi ya chifunga ngolo isakhale pamsewu. Ngati pali matabwa kapena zitsulo zotulukira kunja kwa ngolo, kunsonga kwake kumangidwe nsalu yofiira.

Ngozi ikachitika

Kupweteka kwa msana kumene kumabwera munthu atanyamula cholemera nthawi zambiri kumatha pakapita masiku kapena milungu ingapo, makamaka ngati munthuyo akuyendayenda pang'ono m'malo mongogona. Koma pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira: dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, dzanzi pakati pa ntchafu, kulephera kukodza, kapena kulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi. Wotero apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi amene watuluka chotupa m'munsi mwa mimba chopweteka ndi chosabwerera m'kati. Bala la lata kapena chitsulo chadzimbiri litsukidwe ndi madzi aukhondo ndi sopo, lipsinjidwe ndi nsalu yoyera kuti magazi asiye, ndipo munthuyo akaonedwe kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Amene wagwetsedwa ndi ngolo ndipo akumva kupweteka khosi kapena msana asadzutsidwe kapena kupindidwa. Anyamulidwe atagona chowongoka pathabwa kapena pachitseko. Chipatala cha boma cha Dedza, cha mishoni cha Mua, ndi zipatala zazing'ono monga za Lobi, Mayani ndi Bembeke zilipo chifukwa cha nthawi ngati zimenezi.

Zimene mudzi ungachite pamodzi

Si khomo lililonse limene lingagule ngolo yabwino, ndipo palibe chifukwa choti lililonse likhale nayo, popeza kusamuka sikuchitika tsiku ndi tsiku. Gulu la banki m'khonde, kalabu ya alimi kapena gulu la achinyamata likhoza kupangitsa ngolo imodzi yolimba, pamodzi ndi chingwe ndi pampu, n'kumabwereketsa pa ndalama yochepa yokonzera matayala. Pakhale munthu mmodzi wosunga ngoloyo ndi kabuku kolembamo wobwereka, tsiku, ndi momwe yabwerera. Wosungayo asapereke ngolo kwa mwana, ndipo azifunsa wobwereka njira imene adutse.

Njira nazonso ndi mbali ya nkhaniyi. Ngalande imodzi imene mvula yakumba pakati pa kanjira ndi yokwanira kugwetsa ngolo ndi katundu wake. Zina mudzi ungakonze wokha pa tsiku la ntchito ya chitukuko, monga kukwirira maenje, kupatutsa madzi ndi kubzala udzu wa vetiva m'mbali mwa njira kuti dothi lisakokoloke. Zofuna simenti, monga timilatho ndi mapaipi odutsamo madzi pansi pa msewu, zilembedwe ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, zipite ku komiti ya chitukuko ya dera, kuti a khansala azifikitse ku khonsolo. Polemba, komiti itchule malo enieni ndi chiwerengero cha makomo amene amadutsapo, chifukwa pempho lomveka bwino ndi limene limayenda.

Nyengo yokolola ikubwera, ndipo ngolo ndi mawilibala zituluka m'makomo onse. Asanapakire thumba lachitatu, mwini katundu aliyense atsike yekha kukaona chitunda chimene chili pakati pa iye ndi kumene akupita, abwerere, kenako aganize kuti maulendo akhala angati.